Mafunso ndi mayankho: kusanja zimene anthu amakhulupirira za Mulungu ndi za zinthu zimene zilipo

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira za zipembedzo, aphunzitsi a Bible Knowledge ndi Religious and Moral Education, komanso achinyamata amene amatumidwa kukachita kafukufuku m'makomo mu Blantyre muno. Mawu ambiri a phunziroli alibe Chichewa chokhazikika, choncho tawasiya mmene amalembedwera m'mabuku n'kufotokoza tanthauzo lake. Pano sitikugamula kuti wolondola ndani. Cholinga n'chakuti mukamva munthu akulankhula, mudziwe pamene waima.

Kodi kusanja zikhulupiriro kumayambira pati?

Kumayambira pa kumasula mafunso amene anthu amawamanga mtolo umodzi. Munthu akafunsidwa kuti "mumapemphera kuti?" amatchula dzina la mpingo, wofunsayo n'kuganiza kuti wamaliza. Chimene wapeza ndi kumene munthuyo amapita Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Zimene amakhulupirira zimafuna mafunso 6, lililonse palokha:

1. Kodi alipo Mulungu, kapena milungu?
2. Ngati alipo, ndi angati?
3. Ali pati poyerekeza ndi chilengedwe: ndi wosiyana nacho, chili mwa iye, kapena iye ndiye chilengedwecho?
4. Kodi amalowerera pa zochitika, monga mvula, matenda ndi mapemphero?
5. Kodi munthu angathe kudziwa yankho la mafunsowa motsimikiza?
6. Nanga zonse zimene zilipo n'zamtundu wanji: zogwirika zokha, zamaganizo zokha, kapena mitundu iwiri yonse?

Dzina lililonse limene mumawerenga m'mabuku ndi yankho la funso limodzi mwa amenewa. Vuto limabwera mukaika mayankho a mafunso osiyana pamzere umodzi. Mayi wogulitsa nsomba mumsika wa Limbe angasanje nsomba zake potengera mtundu, chambo apa, usipa apo, utaka apo. Angasanjenso potengera kukula, kapena kuti zouma ndi ziti, zaziwisi ndi ziti. Koma atanena kuti ali ndi milu itatu, wa chambo, wa zazikulu ndi wa zouma, chambo chachikulu chouma achiika mulu uti? Ndi mmene zimakhalira pa pepala la mayeso kapena la kafukufuku limene limauza munthu kuti asankhe chimodzi pakati pa monotheist, agnostic ndi materialist. Atatuwa akuyankha funso lachiwiri, lachisanu ndi lachisanu n'chimodzi.

Mnansi wanga sapita kutchalitchi kapena kumzikiti. Ndiye kuti ndi atheist?

Nthawi zambiri ayi. Ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni anthu amasiya kupemphera pa zifukwa zosakhudza funso loyamba n'komwe. Wina anadulidwa mumpingo pa nkhani ya banja. Wina anakangana ndi akulu ampingo pa za chopereka. Wina ndi mlonda, amaweruka m'mawa Lamulungu maso ali psuu. Anthu otere mukawafunsa ngati Mulungu alipo amakuyang'anani modabwa, chifukwa kwa iwo funsolo n'losafunsa.

Theism ndi kukhulupirira kuti Mulungu alipo, kapena kuti milungu ilipo. Atheism ndi kusakhala ndi chikhulupiriro chimenecho, ndipo ili pawiri. Pali amene amati "sindikhulupirira kuti Mulungu alipo, chifukwa palibe chimene chandikhutiritsa," ndipo pali amene amati "Mulungu kulibe." Katswiri wa ku Britain, Antony Flew, anawasiyanitsa awiriwa m'zaka za m'ma 1970 powatcha negative ndi positive atheism. Kusiyana kwake kumaoneka pa mtsutso. Wina atakuuzani kuti kuseri kwa phiri la Michiru kuli mgodi wa golide, mukhoza kungoti simukukhulupirira, ndipo udindo wopereka umboni ukhala kwa iye. Koma mukanenetsa kuti mgodiwo kulibe, nanunso mwanena chinthu chofuna umboni.

Mawu oti "wachikunja" musawagwiritse ntchito posanja. M'kalankhulidwe kathu amaphimba wa Gule Wamkulu, woledzera, wosabatizidwa ndi wokana Mulungu pamodzi, chonsecho wa Gule Wamkulu amatchula Chauta kuposa anthu ena okhala m'mabenchi a kutsogolo.

Nanga agnostic ndi munthu amene waima pakati?

Ambiri amaphunzitsa choncho, koma kumeneko n'kusakaniza funso loyamba ndi lachisanu. Mawuwa anawapanga Thomas Henry Huxley, wasayansi wa ku Britain, mu 1869 kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kudziwa. Agnosticism ikunena za kudziwa, osati za kukhulupirira. Ena amati "ine sindikudziwa," ena amapitirira n'kuti "palibe munthu angadziwe, chifukwa nkhaniyi ili kunja kwa zimene maso, makutu ndi nzeru zingafikire."

Popeza ndi mafunso awiri, mayankho ake amapingasana n'kutulutsa magulu anayi: wokhulupirira amene amati akudziwa, wokhulupirira amene amavomera kuti sangatsimikize, wosakhulupirira amene amati akudziwa kuti kulibe, ndi wosakhulupirira amene amavomera kuti sangatsimikize. Gulu lachiwirilo ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Mayi wa Mvano amene pamaliro amati "za kumeneko palibe anabwerako n'kudzatiuza, ife timangokhulupirira" wayankha funso loyamba kuti inde, lachisanu kuti ayi, ndipo palibe chimene wasokoneza.

Richard Dawkins, wasayansi wa ku Britain, m'buku lake la 2006, anakonza sikelo yoyambira 1 kufika 7, pomwe 1 ndi wotsimikiza kuti Mulungu alipo, 4 ndi wa pakati penipeni, 7 ndi wotsimikiza kuti kulibe. Iye mwini anadziika pa 6. Sikeloyi ndi yothandiza m'kalasi, koma ili ndi chilema: siifunsa kuti Mulungu wake uti. Shehe wa ku Limbe ali pa 1 pa za Allah ndipo ali pa 7 pa za Zeus, mulungu wa Agiriki akale.

Akhristu amati Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Amawerengedwa bwanji kuti ndi a Mulungu mmodzi?

Lamulo la ntchitoyi n'lakuti gulu limasanjidwa potengera zimene eni ake amaphunzitsa, osati zimene otsutsana nawo amawanenera. Monotheism ndi chiphunzitso chakuti Mulungu ndi mmodzi yekha. Ayuda amachinena pa Deuteronomo 6:4. Asilamu amachitcha tawhid, ndipo Sura 112 ya Qur'an, ya ndime zinayi zokha, imachifotokoza mwachidule n'kukana kuti Mulungu anabala kapena anabadwa. Mipingo imene imatsata chivomerezo cha ku Nicaea cha m'chaka cha 325, monga Katolika, CCAP ndi Anglican, imati Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi Mulungu mmodzi, osati milungu itatu. Choncho onsewa amalowa mu monotheism, ndipo Utatu umakhala nthambi ya m'kati: ovomereza Utatu mbali ino, okana Utatu mbali inayo. Mboni za Yehova zili mbali ya okana, limodzi ndi Asilamu ndi Ayuda, ngakhale pa zina zonse n'zosiyana nawo kwambiri.

Msilamu ali ndi ufulu wonena kuti Utatu sugwirizana ndi umodzi wa Mulungu. Umenewo ndi mtsutso wa zaumulungu. Wosanja amangolemba kuti mtsutsowo ulipo.

Pakati pa Mulungu mmodzi ndi milungu yambiri pali china?

Chilipo. Polytheism ndi kukhulupirira milungu yambiri, uliwonse ndi ntchito yake, monga zinalili kwa Agiriki ndi Aroma akale. Koma munthu angavomere kuti milungu ina ilipo, iye n'kumapembedza mmodzi yekha. Mabuku amatcha zimenezi henotheism, mawu amene anawatchukitsa Max Müller, kapena monolatry ngati kupembedza ina kuli koletsedwa. Akatswiri ena a Baibulo amaona chizindikiro cha maganizo otere pa Eksodo 15:11, pamene Yehova akuyerekezedwa ndi milungu ina.

Ahindu, amene ali ndi kachisi wawo mu Blantyre muno, ndiwo amalakwiridwa kwambiri. Mlendo akaona zifaniziro zambiri amathamangira kulemba polytheism. Komatu Mhindu wina amati Vishnu ndiye Mulungu wamkulu ndipo ena onse ndi maonekedwe ake, wina amati Shiva, wina amati chilipo chimodzi chokha chotchedwa Brahman ndipo mayina onsewo ndi njira zochifikira. Chihindu sichilowa m'bokosi limodzi. Muyenera kufunsa munthuyo.

Makolo athu anali m'gulu liti? Kusukulu tinaphunzira kuti ankapembedza mizimu.

Pano m'pofunika kudekha, chifukwa mayina amene alipo anapangidwa ndi anthu a kutali. Mawu oti animism anawakhazikitsa Edward Tylor mu 1871, kutanthauza chikhulupiriro chakuti mitengo, mitsinje, mapiri ndi nyama zili ndi mizimu. Iye ankaona ngati imeneyi ndi sitepe yoyamba ya chipembedzo, imene anthu amaisiya akatukuka. Maganizo a masitepewo akatswiri anawataya kalekale, koma dzinalo linatsalira m'manotsi a ana asukulu.

Tiyeni tigwiritse ntchito mafunso aja. Kodi Achewa ndi Amang'anja ankati Mulungu alipo? Inde, ndipo mayina ake ndi akale kuposa mishoni iliyonse: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi, Mulungu. Ndi angati? Mayinawa satchula anthu osiyana okhala ndi akazi awo ndi nkhondo zawo monga milungu ya Agiriki. Amatchula mmodzi potengera ntchito zake: Namalenga polenga, Mphambe pa mabingu ndi ziphaliwali. Mpaka lero mwana wa ku Zingwangwa akaloza utawaleza akutchula uta wa Leza osadziwa. Amishoni a Church of Scotland atafika kuno mu 1876, sanabwere ndi dzina latsopano la Mulungu. Analipeza, ndipo ndi limene linalowa mu Buku Lopatulika la 1922.

Nanga mizimu? Yang'anani nsembe pafupi. Mkulu wa banja amagwada patsinde pa mtengo, amathira ufa pang'onopang'ono mpaka upange kamulu, amatsira mowa, ena onse akuomba m'manja. Amatchula mayina a agogo amene anamwalira, kuwadandaulira kuti mwana akudwala kapena kuti mvula yakana. Mizimuyo sinalenge dziko, ndipo palibe amene amati inalenga. Ndi abale amene anatsogola, amene ali pafupi ndi Chauta ndipo angakanene. Ndi dongosolo lomwe lija la kumudzi: kwa mfumu yaikulu sufika wekha, umadzera mwa nyakwawa ndi nduna. John Mbiti wa ku Kenya, m'buku lake la 1969, anawatcha akufa amene akali moyo, chifukwa amakumbukiridwabe ndi mayina awo. Akachisi a mvula, wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi wa Makewana ku Msinja, ankagwira ntchito yomweyi m'malo mwa dera lonse.

Choncho pa funso lachiwiri yankho ndi mmodzi, wokhala ndi amkhalapakati. Bolaji Idowu, polemba za Ayoruba a ku Nigeria mu 1962, anatcha dongosolo lofanana ndi ili diffused monotheism. Koma chenjezo liliponso mbali inayi. Okot p'Bitek wa ku Uganda anadzudzula akatswiri achikhristu a mu Africa kuti amaveka milungu ya makolo zovala za Chigiriki, n'kumainenera kuti ndi yodziwa zonse ndi yamphamvu zonse pamene eni ake sananene choncho. Kudzudzulaku n'komveka. Lembani zimene agogo anena, osati zimene katekisimu akananena m'malo mwawo.

Nthano imati Chauta anachoka n'kupita kumwamba. Kodi imeneyo si deism?

Funso labwino, ndipo ophunzira ambiri amagwa nalo. Deism ndi yankho la funso lachinayi: Mulungu analenga dziko, analiikira malamulo, ndipo salowereranso. Palibe zozizwitsa, palibe buku lochokera kumwamba, ndipo Mulungu amadziwika poyang'ana chilengedwe ndi kugwiritsa ntchito nzeru. Maganizowa anafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ndipo Voltaire ndi Thomas Paine ndi ena mwa odziwika nawo.

Nthano ya ku Kaphirintiwa imafananako poyamba. Chauta ankakhala pamodzi ndi anthu ndi nyama. Munthu anapeka moto, tchire linapsa, nyama zinathawa, bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwezedwa kumwamba pa ulusi wa kangaude. Koma muyeso wa deism suli pa mtunda umene Mulungu ali. Uli pa funso ili: mukamupempha, angasinthe kanthu? Anthu omwe ankasimba nthanoyi ndi omwenso ankapita kukachisi chilala chikavuta, n'kumayembekeza mitambo. Wa deism weniweni sangapemphe mvula. Chauta anatalikira, koma sanasiye kumva.

Ena amati Mulungu ali paliponse, ena amati zonse ndi Mulungu. Si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ili ndi funso lachitatu. Mkhristu kapena Msilamu akati Mulungu ali paliponse amatanthauza kuti palibe malo obisika kwa iye, koma phiri la Soche si Mulungu, ndi cholengedwa. Pantheism imati Mulungu ndi chilengedwe ndi chinthu chimodzi. Baruch Spinoza, amene Ayuda anzake anamuchotsa m'gulu lawo ku Amsterdam mu 1656, ndiye chitsanzo chodziwika. Panentheism, mawu a Karl Krause wa ku Germany, imati chilengedwe chili mwa Mulungu koma Mulungu ndi woposa chilengedwe.

Njira yachidule yowasiyanitsira ndi kufunsa kuti: chilengedwe chonse chitatha, Mulungu angatsale? Wa monotheism ati inde, osasintha. Wa panentheism ati inde, koma ambiri a iwo awonjezera kuti zimene zimachitikira dziko zimamukhudza. Wa pantheism ati funsolo n'losatheka.

Mipingo ina imalankhula za Satana kuposa za Mulungu. Kodi amakhulupirira milungu iwiri?

Pa chiphunzitso ayi. Kukhulupirira mphamvu ziwiri zosalengedwa, yabwino ndi yoipa, zolimbana kuyambira pachiyambi, kumatchedwa dualism. Chipembedzo cha Mani wa ku Perisiya cha m'zaka za m'ma 200 chinali chotero, ndipo Augustine, amene anadzakhala bishopu wotchuka wa ku Hippo, anakhalamo zaka pafupifupi 9 asanakhale Mkhristu. M'Chikhristu ndi m'Chisilamu Satana kapena Iblis ndi cholengedwa. Funso losiyanitsira n'lakuti "Satana anamulenga ndani?" Akati Mulungu, ndi monotheism. Kuti mapemphero a usiku wonse amathera pa kudzudzula ziwanda, imeneyo ndi nkhani ya zochita, ndipo imalembedwa padera.

Chenjerani: mawu oti dualism amagwiranso ntchito pa funso lachisanu n'chimodzi ndi tanthauzo lina.

Funso lachisanu n'chimodzilo, la zimene zilipo, likukhudzana bwanji ndi Mulungu?

Ndilo maziko, ngakhale anthu salifunsa mokweza. Mayankho akuluakulu ndi atatu.

Materialism, imene masiku ano imatchedwanso physicalism, imati zonse zimene zilipo ndi zinthu zogwirika ndi mphamvu zake. Maganizo, chikondi ndi chikumbumtima ndi ntchito ya ubongo. Si maganizo a dzulo kapena a Azungu okha: Democritus wa ku Greece ndi gulu la Charvaka ku India ankaphunzitsa zimenezi zaka zoposa 2,000 zapitazo. Dualism ya mtundu wachiwiri uja imati pali zinthu ziwiri zosiyana, thupi ndi mzimu. René Descartes, amene anamwalira mu 1650, ndiye anaifotokoza mwadongosolo. Idealism imati maziko a zonse ndi maganizo. George Berkeley analemba mu 1710 kuti chinthu chimakhalapo chifukwa chikuzindikiridwa. Mukamufunsa za desiki imene yatsekeredwa m'kalasi pa holide, yankho lake n'lakuti ilipobe chifukwa Mulungu akuiona. Berkeley anadzakhala bishopu.

Kuti muone kusiyana kwake, tengani bambo amene wachita sitiroko. Anali wofatsa, tsopano amakalipa, ndipo dzina la mkazi wake lamuthawa. Wa materialism ati: mwaona, mtsempha umodzi wa mu ubongo wasintha munthu yense, ndiye munthu ndi ubongo. Wa dualism ati: wailesi ikagwa pansi mawu amatuluka mophwanyika, koma woulutsa ali bwinobwino ku situdiyo. Wa materialism abweza kuti situdiyoyo palibe anaionapo. Vuto lakale la dualism n'lakuti silifotokoza mmene chinthu chosagwirika chimakankhira chogwirika. Vuto lakale la materialism n'lakuti silifotokoza chifukwa chake nyama ya mu ubongo imamva kuwawa m'malo mongogwira ntchito ngati injini ya chigayo.

Makolo athu salowa bwino mu dualism ya Descartes, ngakhale amasiyanitsa thupi ndi mzimu. Kwa iwo malirewo ndi obooka: mzimu umakwiya mwana n'kudwala, ndipo kuphwanya mwambo wa mdulo kumatupitsa thupi la munthu wina. Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene anagwira ntchito ku Congo, anayesa mu 1945 kufotokoza zotere ponena kuti maziko a zonse ndi mphamvu ya moyo imene imakula kapena kuchepa. Ambiri anamutsutsa kuti anaphatikiza mitundu yambiri ya anthu ngati ndi umodzi, koma funso limene anadzutsa lidakalipo.

Kodi pangakhale chipembedzo chopanda Mlengi?

Inde. Chibuda cha Theravada, chofala ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar, sichiphunzitsa za Mlengi, koma chimaphunzitsa za kubadwanso ndi karma, kutanthauza kuti zochita za munthu zimamubwerera. Ajain a ku India amati dziko silinalengedwe ndi wina aliyense, komabe amakhulupirira kuti chamoyo chilichonse chili ndi mzimu. Awa sakhulupirira Mlengi koma si a materialism. Wa materialism nthawi zambiri amakhala atheist, koma si atheist aliyense amene ali wa materialism.

Ziwerengero za kalembera zimatiuza chiyani pa nkhaniyi?

Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi National Statistical Office, anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 77 anati ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 anati ndi Asilamu. Akatolika anali 17.2 peresenti, a CCAP 14.2 peresenti, a chipembedzo cha makolo 1.1 peresenti, ndipo opanda chipembedzo 2.1 peresenti.

Ziwerengerozi zikuyankha funso lakuti "muli m'gulu liti?" osati mafunso athu 6. Musalembe kuti 2.1 peresenti ya Amalawi ndi ma atheist, chifukwa mmenemo muli mlonda uja ndi bambo wodulidwa uja. Musalembenso kuti okhulupirira mizimu ya makolo ndi 1.1 peresenti yokha. Amenewo ndi amene alibe dzina lina loti atchule. Dziwaninso kuti pakalembera munthu mmodzi amatha kuyankhira nyumba yonse, ndiye mnyamata wokayika amalembedwa mpingo wa mayi ake.

Munthu amapita kutchalitchi Lamulungu, Lachiwiri ali kwa sing'anga. Timuike pati?

Musamukakamize kulowa bokosi limodzi, ndipo musathamangire kumutcha wachiphamaso. Pitani naye m'mafunso aja. Mulungu alipo? Inde. Angati? Mmodzi. Amalowerera? Inde. Kusiyana kwake ndi abusa ake kuli pa njira zimene zili zololedwa ndi pa mphamvu zina zimene zilipo. Mabuku amatcha kusakaniza kotere syncretism, koma mawuwa amanunkha chiweruzo, ngati kuti pali chipembedzo china chimene sichinasakanizikepo ndi chikhalidwe cha eni dera.

Ufiti nawo uli pa funso lachisanu n'chimodzi, osati loyamba. Alipo Akhristu amene amati ufiti kulibe, alipo amene amati ulipo koma mphamvu yake ndi ya Satana, ndipo alipo osapemphera amene amauopa kwambiri. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anadziwika m'dziko muno pomenyera nkhalamba zomangidwa pa milandu ya ufiti. Pa zimenezo anagwirizana ndi anthu ena opemphera, ngakhale pa funso loyamba anali kutali nawo.

Kodi malamulo a dziko lino amakondera gulu lina?

Gawo 33 la malamulo aakulu a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, ndipo wosakhulupirira ali momwemo. Sizinali choncho nthawi zonse: Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967 ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Kusanja kwa m'kalasi sikupatsa gulu lililonse ufulu woposa lina.

Ndatumidwa kukafunsa anthu. Ndichite bwanji kuti ndisalakwitse?

Patulani mphindi 20 mpaka 30 pa munthu mmodzi, ndipo mukhale awiri. Mayi akafunsidwa pamaso pa amuna awo, kapena mnyamata pamaso pa mkulu wampingo, mudzamva yankho la pakhomopo osati lake. Musayambe ndi dzina la mpingo, chifukwa akangolitchula, mayankho otsatira amakhala a katekisimu kapena a ku madrasa. Dzina la mpingo libwere pomaliza.

Gwiritsani ntchito dzina limene iye watchula. Akati Chauta, pitirizani ndi Chauta. Akati Allah, kapena Jah monga amanenera a Chirasta, chimodzimodzi. Musatchule mawu ngati atheist kapena agnostic pofunsa. Ambiri amawamva ngati chipongwe, ndipo ena amasokoneza atheist ndi wa Satanic, pamene wokhulupirira kuti Satana alipo sangakhale wokana zauzimu zonse.

Funsani za zochitika, osati za matanthauzo. M'malo mwa "kodi Mulungu amalowerera m'chilengedwe?" nenani kuti, "Mayi, mwana atadwala komaliza munachita chiyani, kuyambira tsiku loyamba?" M'malo mwa "kodi mizimu ndi milungu?" nenani kuti, "Agogo, mukathira ufa uja mumalankhula ndi yani?" Akayankha, tsatirani: "Nanga iwowo, mvula amaigwetsa okha, kapena amakapempha?" Yankho la funso lotsatirali ndilo limasiyanitsa mkhalapakati ndi mulungu.

Gawani pepala lanu pawiri, mbali ina zimene wanena, mbali ina zimene amachita, ndipo lembani mawu ake enieni. Dzina la gulu mudzaike mutabwerera, osati muli pakhonde pake. Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu: kufunsa kotsogolera, monga "mumakhulupirira Mulungu, eti?", kumene aliyense waulemu amavomera, kutenga mawu a chizolowezi monga "Mulungu akalola" ngati umboni, pamene amanenedwa ndi aliyense pokwera minibasi, ndi kumukonzera munthu mayankho ake kuti agwirizane. Ngati wanena kuti akufa amagona mpaka tsiku la chiweruzo, kenako n'kunena kuti malemu amayi ake anabwera kutulo kudzadandaula za manda osalambulidwa, lembani zonse ziwiri.

Nanga munthu akati funsolo alibe nalo ntchito, kapena kuti silikumveka?

Amenewa ndi mayankho awiri osiyana, ndipo onse ali ndi mayina. Wonena kuti "kaya alipo kaya kulibe, ine ndikufuna ndalama ya lendi" ali pa apatheism: sanakane, sanavomere, funsolo silimusuntha. Wonena kuti "yambani mwandiuza kuti Mulungu mukutanthauza chiyani, chifukwa abusa, shehe ndi Spinoza akunena zinthu zitatu zosiyana" ali pa ignosticism. Woyambayo mufunseni kamodzi kokha ngati pali nthawi imene funsoli linamuvutapo, monga pa maliro a wachibale, chifukwa ena amati alibe nazo ntchito pofuna kungokuchotsani pakhomo. Wachiwiriyo mupatseni matanthauzo limodzilimodzi, Mlengi womva mapemphero, Mlengi wosalowerera, chilengedwe chenichenicho, ndipo lembani yankho lake pa lililonse. Akakanabe kuyankha, lembani kuti "sanayankhe" ndi chifukwa chimene wapereka, ndipo bokosi la funso loyamba mulisiye lopanda kanthu.